Khansa Isatipeze Tili Mtulo



Khansa imene imapha amayi ambiri muno mu Mozambique ndi ya khomo la chiberekero. Mu 2019 Boma lidakonza pulani ya zaka 10 yolimbana ndi khansa, ndipo chaka chomwecho makina otentha khansa adayamba kugwira ntchito pa Chipatala Chachikulu cha Maputo. Koma kwa ife a ku Angónia, Maputo ndi kutali. Mlimi ndalama ya ulendo wotere aipeza kuti?

Tiyambe ndi zimene zafika pafupi. Mu 2021 Boma lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Tiwaperekeze ana athu. Amayi tikapimitse msanga: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, pakayera amadziwa kuti pakufunika chithandizo. Abambo, musawaletse.