Kalaliki wa Maina a pa Intaneti

Omvera acikulire amene anagwira nchito pa mgodi wa Nkana m'masiku a Rhokana akumbukira zimene mlendo ankacita akafika ku Wusakile kapena ku Mindolo kudzafuna mbale wace. Dzina analidziwa, koma nyumba zinali zambirimbiri ndi zofanana. Tsono ankapita ku ofesi ya komboni nachula dzinalo, ndipo kalaliki ankatsegula buku lace namuuza nambala ya nyumba. Nkhani ya lero iri ya kalaliki wotere wa pa intaneti, amene pa Cingerezi amamucha nameserver.

Makompyuta sadziwana ndi maina iai. Iriyonse iri ndi keyala ya manambala, kawirikawiri ya zigawo zinai, cigawo ciriconse kuyambira 0 kulekezera 255. Munthu sangasunge manambala otere pamtima, ndipo n'cifukwa cace pali maina. Poyamba maina onse anali m'kaundula mmodzi wosungidwa ku California, koma makompyuta atacuruka kaundulayo analephera. Mu 1983 Paul Mockapetris anakonza njira yochedwa DNS, yogawira bukulo kwa akalaliki ambiri, yense ndi masamba ace.

Dzina la Copperbelt University ku Riverside, cbu.ac.zm, lisonyeza mayendedwe ace. Makina amaliwerenga kuyambira kumapeto. Funso limayamba kwa akalaliki akulu a dziko lonse lapansi, amene ali ndi maina 13, ngakhale kuti makina awo ali mazanamazana. Iwowa keyala ya yunivesite saidziwa. Amangoloza kwa osunga zm. Cizindikiro cimeneci cinali m'manja mwa ZAMNET, imene inalowetsa Zambia pa intaneti mu 1994, koma tsopano ciri kwa ZICTA. Osunga zm nawonso amaloza kwa nameserver ya yunivesite, ndipo iyo ndiyo imachula nambala. Ulendo wonsewu umatha munthu asanaphethire.

Nanga munthu wa ku Nkana West amene waika kompyuta yakale m'cipinda, kuti isunge zithunzi za banja kapena mitengo ya katundu wa m'sitolo yace, anthu angamupeze bwanji? Ayenera kulembetsa dzina kwa ogulitsa maina, ndi kuwauza akalaliki amene adzaliyankhira. Pamenepo alembe m'buku la akalalikiwo mzere wochedwa A record, wonena kuti dzina lakuti liri pa nambala yakuti.

Bvuto liri pano: nambala ya panyumba sikhazikika. Kampani yopereka intaneti imabwereketsa nambalayo, ndipo ikhoza kuisintha usiku mwini ali mtulo. Kalaliki, posauzidwa, amapitiriza kutumiza alendo ku nyumba ya eni ena. Mankhwala ace ndiwo dynamic DNS, kapulogalamu kokhala m'rauta kapena m'kompyuta, kamene kamathamangira kukauza kalaliki nthawi zonse nambala ikasintha. Ngakhale citero, alendo ena amasocerabe kwa kanthawi, pakuti makina a m'njira amasunga yankho lakale kufikira itakwana nthawi imene mwini dzina anaika. Amene nambala yace isinthasintha aike nthawi yaifupi, monga mphindi 5.

Pali cina cimene ambiri amacizindikira atataya kale ndalama. Pa intaneti ya m'foni za m'manja, anthu ambiri amagwiritsa nchito nambala imodzi pamodzi, monga mabanja a bokosi limodzi ku positi. Zikatero, ngakhale kalaliki anene zoona, mlendo amafika pa cipata ca kampani osapeza wom'tsegulira. Wanzeru amayamba wafunsa ngati adzapatsidwa nambala ya iye yekha, asanalipire dzina.

Ena amafuna kuti kalaliki nayenso akhale m'nyumba momwemo pamodzi ndi seva. Ici si canzeru. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali tsiku ndi tsiku, ndipo seva ikazima pamodzi ndi kalaliki wace, dzina lonse limakhala ngati lafafanizika. Mwambo wa nchitoyi ufuna akalaliki awiri kapena oposa, okhala kosiyana. Ndi akuluakulu omwe amagwa pamenepa: pa 4 October 2021 akalaliki a Facebook anasowa pa njira, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinakhala cete pafupifupi maola 6 pa dziko lonse.

Dzinalo siligulidwa mpaka muyaya. Limalipiridwa caka ndi caka monga lendi, ndipo likapanda kulipiridwa, patapita nthawi wina akhoza kulitenga. Kawirikawiri mwini sitolo amatuma mnyamata wodziwa makompyuta kukalembetsa, ndipo mnyamatayo, popanda cinyengo ciriconse, amalemba dzina lace ndi imelo yace. Kalata yokumbutsa za malipiro imapita kwa iye. Mphamvu yosintha nameserver iri kwa iye. Tsiku limene adzasamukira ku Solwezi kapena ku Johannesburg nasintha nambala ya foni, kompyuta idzakhala ikulirabe m'cipinda ku Nkana West, koma mwini sitolo sadzatha kusintha ngakhale mzere umodzi m'buku la dzina limene analipira yekha.