Galu Wosowa Mbuye

Lero tikambirane za agalu ndi amphaka amene alibe pokhala. Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Mukuti, anthu akugona ndi njala, feteleza wakwera mtengo, ife tikhale pansi nkumakamba za galu? Funsoli ndi lomveka, ndipo ndiliyankha. Koma tiyambe tamuona galu amene tikunenayu.

Nonse mumamudziwa. Amapezeka pamsika, kuseri kumene amaphera mbuzi. Amapezeka kudzala, ndiponso pamaliro amayi akamatsuka mbale. Nthiti zili pamtunda, m'makutu mwadzaza nkhupakupa, ubweya unathothoka ndi mphere. Ana akamuona amathamangira miyala. Mukafunsa kuti galuyu ngwa yani, palibe woyankha.

Komatu galu samera ngati bowa. Anabadwira pakhomo pa munthu, kapena make ndiye anachokera pakhomo pa munthu. Wina mbuye wake anasamukira kutauni, kunyumba ya lendi kumene salola galu. Wina mbuye wake anamwalira. Wina anagulidwa ali kamwana kokongola, ndipo atakula nkuyamba kudya kwambiri anamuthamangitsa. Koma ochuluka ndi ana a galu wamkazi amene anaswa mwini wake asakufuna.

Pamenepa tichite masamu pang'ono. Galu wamkazi akhoza kutenga bere asanakwanitse chaka. Bere lake limatenga masiku ngati 63, ndiyo miyezi iwiri basi. Agalu ambiri akhoza kutenga bere kawiri pachaka. Tiyerekeze kuti nthawi iliyonse waswa ana 6. Pachaka ndi ana 12. Ngati theka la anawo ndi aakazi, chaka chamawa oswa ali 7, kuphatikizapo make uja. Ndani m'mudzi muno angadyetse agalu onsewo? Mphaka ndiye amaposa apo, akhoza kuswa katatu pachaka.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Tsopano yankho la funso lija. Nkhani ya galu wosowa mbuye ndi nkhani ya ana athu, chifukwa cha chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse ofa nacho, 4 ndi ana osafika zaka 15. Paja mwana ndiye amasewera ndi galu, ndipo akalumidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono mpaka kukafika ku ubongo. Kawirikawiri ulendowu umatenga miyezi iwiri kapena itatu. Bala limapola, anthu nkuiwala. Tsiku lina mwana ayamba kutentha thupi, kubwebweta ndi kuopa madzi. Zikafika apo, ngakhale chipatala chachikulu sichingamupulumutse.

Tsono gwirani ichi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu kapena mphaka, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musathirepo dothi kapena zitsamba. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Jekeseni zake ndi zingapo, zobaya masiku osiyanasiyana, ndipo muzimalize zonse. Werengerani ndalama za maulendo amenewo, ndi masiku amene khasu lagona. Mudzaona kuti galu amene sitimudyetsa uja amadya ndithu ndalama zathu.

Wina ati, bwanji tingowapha onse? Akuluakulu mukukumbukira nthawi zija boma linkalengeza kuti agalu amangidwe, ndipo wopezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Kodi agalu anatha? Ayi. Zakudya za kudzala zikadalipo. Mukapha agalu asanu pamsika, pakapita milungu yochepa pabwera ena ochokera kutali, amene simukudziwa kuti atenga matenda anji. Ena amathira tameki m'nyama. Nyama imeneyo sisankha. Imapha galu wa mnzanu amene anabayidwa katemera, imapha mphaka wosunga nkhokwe, ndipo ikhoza kupha mwana wokwawa.

Njira imene yaoneka kuti imathandiza ndi katemera. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa podutsira. Zimenezi zinachitika kwathu konkuno. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anadandaula ndi kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe. M'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi a zaziweto a boma ndiponso bungwe la BSPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha a ntchito. Agalu ambiri anachita kubwera nawo eni ake kumalo obayirako, ndipo otsala anawatsata khomo ndi khomo.

Taonani pamene pagona nkhani. Galu amene amafika pa katemera ndi amene ali ndi munthu womugwirira chingwe. Wosowa mbuye palibe womutenga. Nchifukwa chake kumupezera galu khomo ndi kuteteza mudzi wonse.

Malo osungirako agalu ndi amphaka

M'maiko ambiri muli malo amene amalandira agalu ndi amphaka otayidwa. Amawachiza, amawadyetsa, kenaka nkuwapezera mabanja atsopano. Ku London, mayi wina dzina lake Mary Tealby anatsegula malo otere mu 1860. Nyuzi ya The Times inamuseka ndi funso lomwe lija lathuli, lakuti bwanji kusamala agalu pamene anthu akuvutika. Mayiyo sanasiye. Mu 1871 malowo anasamukira ku Battersea, mu 1883 anayamba kulandiranso amphaka, ndipo alipo mpaka lero. Kuno kwathu, ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene linayamba mu 2008. Limachiza ziweto, limabaya katemera, limatseka agalu ndi amphaka kuti asamaswe, ndi kuwapezera eni atsopano.

Koma malo otere ndi ochepa, ali m'tauni, ndipo khola lililonse limadzaza. Galu mmodzi akatuluka kupita kubanja, mpamene pamapezeka malo a wina. Ntchito yaikulu ili ndi ife a m'makomo.

Ngati mukufuna galu, musathamangire kwa ogulitsa tiana m'mbali mwa msewu. Tianato nthawi zambiri amatichotsa kwa make tikadayamwa, timakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo tilibe katemera. Mukagula kamodzi chifukwa cha chisoni, mawa wogulitsayo abwera ndi tina. Pitani kumalo osungirako, kapena funsani m'mudzi momwemo amene ali ndi ana agalu osowa kopita. Kumalo osungirako adzakufunsani mafunso. Galuyu adzagona pati? Adzadya chiyani? Pakhomo pali ana, pali nkhuku? Musakhumudwe, sakukuyesani wakuba ayi. Akungofuna kuti galuyo asadzabwererenso pamsewu. Malo ambiri otere amapempha kandalama, koma galu mumamutenga atabayidwa kale katemera.

Anthu ambiri amafuna kamwana. Ine ndimati musanyoze galu wamkulu. Khalidwe lake mumaliona tsiku lomwelo, sakutafunirani nsapato, ndipo usiku sauwa mwachisawawa. Paja akulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Nanga mukafuna kutenga galu woyendayenda wa pamsika? Apa mpofunika kusamala kwambiri. Musamugwire ndi manja galu amene simukumudziwa. Galu wochucha dovu, woluma chilichonse ngakhale mitengo ndi miyala, wosintha mawu pouwa, kapena wolephera kuyenda ndi miyendo yakumbuyo, mutalikireni ndipo kanenani kwa alangizi a ziweto. Ngati akuoneka wabwinobwino, muzimuikira chakudya pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku mpaka akuzolowereni. Akabwera pakhomo, mpatuleni kwa ana ndi kwa agalu ena, muitane alangizi adzamuone. Dziwani kuti katemera amateteza galu amene sanatenge matenda, sachiza amene watenga kale. Alangiziwo ndiwo adzakuuzeni nthawi yomusunga payekha.

Galu safuna zambiri. Nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya, mutsireko usipa kapena bonya wosinja, ndi madzi oyera osatha m'mbale. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, amasweka ngati singano nkumubaya m'mimba. Mumangireni pogona pa mthunzi. Galu womangidwa pa unyolo waufupi usana ndi usiku amasanduka wolusa, ndipo tsiku lodzaduka unyolo woyamba kulumidwa ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Nkhupakupa ndi utitiri musaziphe ndi mankhwala opopera thonje kapena matimati. Mankhwala ena a nkhupakupa a galu amapha mphaka, ndipo Panado amene ife timamwa amaphanso mphaka. Funsani kaye musanapereke mankhwala alionse.

Ena amati galu wobayidwa katemera amafooka, sasakanso. Si zoona. Enanso amati galu wofulidwa salonda pakhomo. Amalonda, ndiponso amakhalitsa pakhomo chifukwa wasiya kuyenda usiku kutsata aakazi ndi kukamenyana ndi agalu achilendo. Wamkazi naye madokotala a ziweto amamuchita opaleshoni kuti asadzaswenso. Ntchito imeneyi ndi ya ophunzira, si ya lumo la kunyumba.

Kulera kwa kanthawi

Si aliyense angathe kusunga galu zaka 10 kapena kuposa. Koma ambiri tingathe milungu isanu ndi umodzi. M'mabungwe osunga agalu muli anthu amene amatenga galu kapena mphaka kukamulera kunyumba kwao kwa kanthawi, mpaka atapezeka mwini weniweni. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Makolo athu ankaikiza mbuzi kapena ng'ombe kwa mbale wao wa kutsidya, iye nkumaweta mpaka mwini wake adzaitenge. Nzomwezo basi.

Ofunika kuikizidwa ndi ati? Tiana timene make wafa. Galu amene wangochitidwa opaleshoni. Galu wa mnzathu amene wagonekedwa m'chipatala, kapena wapita kukagwira ntchito kutali kwa miyezi ingapo. Agalu ambiri amayamba kuyendayenda pa nthawi ngati zimenezi, pamene khomo latsekedwa ndipo palibe wophika.

Tiana tamasiye ndito tovuta. Timabadwa tili totseka maso, ndipo timapenya pakatha milungu ngati iwiri. Timafa msanga ndi kuzizira, choncho tiikeni m'katoni yoyalamo nsanza, pamalo ofunda. Ngati pafupi pali galu wina woyamwitsa, yesani kumupatsa, ambiri amalandira. Mkaka wa ng'ombe umatitsegula m'mimba, ndiye funsani alangizi za mkaka woyenera. Tikafika milungu inayi timayamba kunyambita phala lamadzimadzi lothira nsomba yosinja kapena dzira lophika. Pa milungu 8 mpamene tingapite kwa eni atsopano, osati tisanafike apo. Wolerayo ayambe kufunsira makomo tikadali ting'onoting'ono, kutchalitchi, kumzikiti, kumjigo.

Poikiza galu lembani pepala, tsopano paja mumatha kulemba. Galuyu ndi wa uje, akusungidwa ndi uje, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, chakudya agula ndi uje. Nonse awiri musainire. Milandu yambiri ya ziweto imene imafika kwa amfumu imayamba chifukwa anthu anangogwirizana pakamwa.

Ndalama zichokera kuti?

Kusonkha ndalama timakudziwa. Pamaliro timasonkha, paukwati pali perekaniperekani, amayi ali ndi chipereganyo ndi banki mkhonde. Thumba la agalu ndi amphaka lingayende chimodzimodzi. Tiyerekeze gulu la anthu 30, aliyense apereke K500 pamwezi. Pamwezi ndi K15,000, pa miyezi itatu K45,000. Wosowa ndalama abweretse mbale ya madeya, udzu wofolera kapena tsiku limodzi la ntchito yomanga khola. Gulu likhoza kulima dimba la masamba, kukazinga mandasi tsiku la msika, kapena kukonza mpira wa midzi iwiri nkuyendetsa mbale pakati pa oonerera.

Mwa maganizo anga, ndalama zoyamba zisapite ku khola lalikulu la njerwa. Khola limadzaza mwezi umodzi, ndipo anthu akamva kuti kwakuti kuli kosiyako agalu, amayamba kudzataya usiku. Yambani ndi kutseketsa agalu aakazi amene amaswa chaka ndi chaka, ndi kulipira ulendo wa alangizi kuti adzabaye agalu onse a m'mudzi tsiku limodzi. Kenaka chakudya cha amene akulera tiana tamasiye. Ndipo musiyeko zina zapadera zoyendera munthu wolumidwa amene alibe ya basi yopitira kuchipatala. Anthu akaona kuti thumbali lathandiza mwana wa mnzao, ngakhale odana ndi agalu adzasonkha.

Sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo amfumu adziwe. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wosunga buku. Pamsonkhano uliwonse mlembi awerenge mokweza zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo aliyense wofuna aone yekha ndi maso ake.

M'buku lomwelo mukhale tsamba la agalu. Lembani mizere kuchokera pamwamba kutsika pansi: dzina la mwini, dzina la galu, wamwamuna kapena wamkazi, tsiku limene anabayidwa katemera. Galu wosowa mbuye mulembeninso, ndi malo amene amagona. Mukatha, werengani agalu onse, muwerengenso obayidwa, muone ngati afika 7 pa 10 alionse. Chaka chilichonse pa 28 September maiko amakumbukira za nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pomubaya katemera. Tsiku limenelo mlembi atsegule bukulo pamaso pa amfumu ndi alangizi a ziweto, awerenge maina a agalu amene sanabayidwe, ndipo pa dzina lililonse pasankhidwe munthu wokamutenga ndi chingwe.