Ulusi umadukira pamene pali pofooka



Chitenje chomwe ambiri tavala panochi chili ndi masamu ake, ndipo ndi omwe ndabwera nawo lero.

Pa makina owombera nsalu pamakhala maulusi masauzande oyalidwa m'litali. Umodzi ukangoduka, makina amaima kuti munthu alumikize. Kale ku Lancashire, m'dziko la England, owomba nsalu ankalipidwa potengera nsalu yomwe awomba, choncho makina akaima, ndalama nayo inkaima.

Mu 1925, mnyamata wina wodziwa ziwerengero, Leonard Tippett, adayamba ntchito ku Shirley Institute mumzinda wa Manchester, malo ofufuza za thonje. Mfundo yomwe adaigwiritsitsa ndi iyi: ulusi sumaduka chifukwa wonse ndi wofooka ayi. Umadukira pamalo amodzi pomwe pawonda kwambiri. Ndiye ukamayeza ulusi n'kumangotenga avereji, udzinamiza, chifukwa avereji imabisa pofookapo. Mu 1928, iye ndi Ronald Fisher adatulutsa masamu ofotokoza zinthu zakumapeto zoterezi, chochepetsetsa ndi chachikulu kwambiri. Lero masamu omwewo amathandiza akatswiri kuyerekeza kukula kwa madzi osefukira.

Nanga makina akakhala mazanamazana, ungadziwe bwanji chomwe chikuwaimitsa? Tippett adapeza njira yosavuta. Umadutsa m'fakitale nthawi zosiyanasiyana zosapangana, n'kumalemba: awa akuyenda, awa aima, chifukwa chake n'chakuti. Tiyerekeze kuti wayang'ana ka 200, ndipo ka 30 wapeza makina ataima chifukwa cha ulusi woduka. Basi, wadziwa kuti pafupifupi 15 peresenti ya nthawi ikuthera pamenepo. Ukatero m'pamene umafufuza ngati vuto ndi thonje, kuuma kwa mpweya m'chipindamo, kapena kukoka kwa makina. Kupanda kuwerenga, mlandu umangogwera wantchito, ati ndi waulesi.

Anzanga atelala muli pano, ulusi ukamadukaduka musathamangire kunena kuti makina atha. Tengani kope. Kwa sabata ziwiri muzilemba: waduka kangati, ulusi wa mtundu wanji, singano nambala chani, nsalu yanji. Mukaona kuti ukudukira pa ulusi umodzimodzi, mwapulumuka ku ngongole yogulira makina atsopano. Inu a geni ya mandasi ndi a kabaza, kope lomwelo likuthandizani kuona pomwe ndalama ikutayikira.

Pamsonkhano wa mwezi wamawa tibwere ndi makope athu, tidzawerengere limodzi.