Lipenga Linkalira pa Tsiku la Chitetezero

Mawu a Abusa pa chikondwerero cha zaka 50
Kuwerenga: Levitiko 25:8-10, Luka 18:9-14



Mulungu analamula Aisraeli kuti m'chaka cha 50 akapolo amasulidwe ndipo minda yogulitsidwa ibwerere kwa eni ake. Koma taonani tsiku loliza lipenga: pa 10 mwezi wachisanu ndi chiwiri, Tsiku la Chitetezero. Tsikulo mkulu wa ansembe ankasanjika manja pamutu pa mbuzi n'kutchula zolakwa zonse za mtundu. Kuulula kunkatsogola, ufulu n'kubwera pambuyo.

Lero n'kosavuta kuima ngati Mfarisi uja, n'kumawerengera Mulungu njerwa zimene tawumba ndi chakhumi chimene tapereka. Koma amene anapita kwawo wolungamitsidwa ndi wamsonkho, yemwe analibe chowerenga koma tchimo lake.

Yerekezani mafumu awiri. Samueli atadzudzula Sauli, iye analoza chala anthu ake, n'kuwonjeza kuti nkhosa anazisungira nsembe. Ufumu unamuchokera. Davide anatenga mkazi wa mwini, n'kuphetsa Uriya. Natani atamudzudzula, anavomera pomwepo osatchula munthu wina. Zowawa sizinachoke m'nyumba mwake, koma Mulungu anamukhululukira.

Ife a ku Masala zifukwa tili nazo, ndipo zina n'zoona. Mafakitale a mu Ndola atatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, njala inalowa m'makomo ambiri. Komabe njala si imene inadya ndalama za chilimba. Satana si amene amapimira anthu ndi meda yopereŵera pamsika. Mwambo si umene unalanda nyumba ya mayi wamasiye. Anachita zimenezi ndi munthu, ndipo mwina Lamulungu amakhala pabenchi limodzi ndi amene anamulakwira.

Kuulula koona kulibe "koma". Kumatchula tchimo ndi dzina lake, kumapita kwa wolakwiridwa, ndipo kumabweza chobwezeka monga anachitira Zakeyu. Akuluakulu amati mukabisa matenda, maliro tidzamva.

Musaope. Yesu Khristu, Mkulu wa Ansembe wathu, anasenza kale zolakwa zathu, ndipo 1 Yohane 1:9 akulonjeza chikhululukiro kwa woulula. Choncho musanafike pa Mgonero wotsatira, kagogodeni pakhomo lija mwakhala mukulilambalala. Inunso ogogoderedwa, tsegulani. Mpingo ulowe m'zaka 50 zikudzazi wopanda katundu wobisika.

Amen.