Eni Dera Alembe Okha Mbiri Yawo

Mawu otsegulira maphunziro a luso la kulemba pa chikondwerero cha kuwerenga ndi zolembalemba mumzinda wa Blantyre



Alipo makolo amene akudzifunsa kuti mwana apindulanji pokhala tsiku lonse akulemba ndakatulo, chikhalirecho kunyumba kuli madzi oti atunge ndi geni yoti ayang'anire. Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake likuyambira m'mbiri ya mzinda uno.

M'chaka cha 1970, Chancellor College isadasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi ena adayamba kukumana pa Chichiri kuti aziwerengerana zomwe alemba. Gululo linkatchedwa Writers Group, ndipo mwa iwo mudali a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande ndi a Frank Chipasula. Mlembi ankawerenga ntchito yake mokweza, anzake n'kumuuza mosapsatira pomwe pakoma ndi pomwe palakwika, iye n'kupita kukakonza. Mu 1971 adatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau, kosindikizidwa mu Blantyre momwe muno. Idali nthawi yomwe mawu ankatha kumangitsa munthu. A Mapanje, omwe buku lawo la Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Lero achinyamata ali ndi ufulu wolemba umene akuluakuluwa adalibe. Chotsala ndi kuphunzira luso lake.

Maphunziro ano atsata njira yomweyo ya pa Chichiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wophunzira aliyense alemba, awerenga pamaso pa anzake, amva ndemanga zawo, kenaka alembanso. Ofuna kulemba m'Chichewa asachite manyazi. A Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba buku la Nthondo m'chinenero chimenechi, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Pambuyo pawo padadza a John Gwengwe, a E.J. Chadza, a Jolly Max Ntaba, a Willie Zingani ndi a Benedicto Wokomaatani Malunga. Onsewa adalemba za anthu ndi malo omwe ankawadziwa.

Nkhani zoti zilembedwe nazo zilipo zochuluka m'madera muno. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo madera ena a mzindawu adaliranso maliro. Malipoti adawerenga omwalira ndi nyumba zogwa. Koma zomwe adaona mayi amene adagona m'kalasi ndi ana ake sukulu itasanduka msasa, kapena mnyamata amene adakumba matope ndi khasu pofunafuna mnansi wake, sizili m'malipotiwo. Zikapanda kulembedwa ndi eni ake, zidzaiwalika, ndipo obwera m'mbuyo adzamanganso nyumba m'malo omwewo osadziwa chomwe chidachitika.

N'chimodzimodzinso ndi agogo amene amakumbukira phiri la Ndirande lili ndi mitengo yowirira, mtsinje wa Nasolo ukuyenda madzi oyera. Agogowa akutha. Mdzukulu amene angakhale nawo pansi ndi kope ndi cholembera adzasunga umboni wothandiza pomwe dera likukambirana zobzala mitengo ndi zosamalira mitsinje.

Phindu lina ndi lapafupi kwambiri. Mwana wozolowera kulemba ndi kukonza zolemba zake savutika ndi chimangirizo pa mayeso a JCE ndi MSCE. Akakula, ndiye amalemba momveka kalata yopempha mlatho kapena mpope wa madzi, ndiyenso amasunga bwino mfundo za msonkhano wa komiti ya chitukuko m'dera. Pempho lolembedwa molongosoka silichedwa kumveka kwa oliwerenga.

Choncho khonsolo ikupempha makolo kuti alole ana awo, makamaka atsikana omwe ntchito za pakhomo zimawamanga, kukhala nawo pa maphunzirowa mpaka kumapeto. Aphunzitsi akhazikitse timagulu ta alembi m'masukulu mwawo kuti ntchitoyi isathere pa chikondwerero chokha. Akuluakulu asakane pamene ana abwera ndi mafunso. Achinyamata nawo azipita ku nthambi ya National Library Service kukawerenga, chifukwa mlembi wosawerenga sapita patali, ndipo ofuna kupitiriza afufuze za bungwe la alembi la Malawi Writers Union.

Ndi mawu amenewa, maphunziro a luso la kulemba atsegulidwa.