Jimmie Rodgers, Woyimba wa pa Njanji

Amene anakulira m'nyumba ya galamafoni akumbukira bwino munthu wina woyimba ndi gitala, amene pakutha pa ndime iri yonse anali kuponya mau ace m'mwamba mwadzidzidzi, naonda mauwo ngati a mwana, natsika nawonso pansi. Kayimbidwe kameneka kachedwa "yodel," ndipo mwini mauwo ndiye Jimmie Rodgers, amene anthu a ku America amamucha tate wa nyimbo za "country," ndiko kunena nyimbo za anthu a kumidzi.

Rodgers anabadwa pa 8 September 1897 pafupi ndi mzinda wa Meridian, m'dera la Mississippi. Amai ace anamwalira iye akali mwana, ndipo atate ace anali kapitao wa anthu okonza njanji. Motero nayenso analowa nchito ya pa njanji akali mnyamata. Poyamba anali kutungira madzi anchito, pambuyo pace nakhala womanga mabuleki a sitima. Ambiri mwa okonza njanjiwo anali anthu akuda, zidzukulu za akapolo, amene anali kuyimba pogwira nchito kuti zitsulo zao zigwere pamodzi. Mnyamatayo anachera khutu, natola nyimbo zao zodandaula zochedwa "blues." Apa mpamene pali cinthu coiwalika kawirikawiri: nyimbo zimene ambiri aziyesa za Azungu okha ziri ndi muzu wina wocokera kwa anthu akuda. Ngakhale banjo yeniyeniyo, makolo ace ndi zoyimbira za ku Africa.

M'caka ca 1924 anapezeka ndi cifuwa cacikulu, ndipo nchito ya pa njanji inayamba kumkanika. Cinamtsalira ndi gitala basi. Mu August 1927 anamva kuti Ralph Peer, wa kampani ya Victor, ali m'tauni ya Bristol kufunafuna oyimba a kumidzi. Anapita, nayimba nyimbo ziwiri. Sizinagulidwe kwambiri iai, koma mu November caka comweco anajambula "Blue Yodel" ku Camden, New Jersey, ndipo mbale imeneyo inagulidwa zikwi mazanamazana. Mu 1930 anajambula nyimbo ina pamodzi ndi Louis Armstrong, katswiri wakuda wa lipenga, pa nthawi imene tsankho la khungu linali lolimba ndithu m'dzikomo.

Nanga anali kuyimba za ciani? Anali kuyimba za sitima, za munthu wopanda khobidi wogona pambali pa njanji kutali ndi kwao, za ndende, za mkazi wothawa, ndiponso za nthenda yace yomwe, m'nyimbo ya "T.B. Blues." Sanali kulira poyimba zimenezi. Anali kuzinena mosabisa ndi moseka pang'ono, monga acitira mwamuna wosafuna kumveredwa cisoni, ndipo ukoma wa nyimbo zace wagona pamenepo.

Mbale zace zinaoloka nyanja nkufika m'masitolo a ku Africa. Mnyamata wosiya mudzi kunka ku migodi ya Copperbelt sanasowe womasulira Cingerezi, pakuti kulira kwa sitima ndi kupukwa kwao anali kuzidziwa kale. Oyimba gitala a m'makomboni anatengako kakhwacidwe ka nsambo, naikamo mau a zinenero zao. Ku Kenya, m'caka ca 1950, Hugh Tracey anajambula atsikana a mtundu wa Kipsigis akuyimba nyimbo yochedwa "Chemirocha," ndilo dzina la Jimmie Rodgers monga linamvekera m'makutu mwao.

Iye mwini sanaponde ku Africa kuno. Mu May 1933 anapita ku New York kukajambula nyimbo zina, podziwa kuti masiku ace atha ndipo banja lace lidzasowa ndarama. Anali wofooka kotero kuti anamuikira kama m'cipinda cojambuliramo, kuti azipumulapo asanayambe nyimbo yotsatira. Anamwalira pa 26 May, patapita masiku awiri atatsiriza nchitoyo, ali ndi zaka 35. M'zaka zosakwana zisanu ndi cimodzi anasiya nyimbo zoposa 100. Mtembo wace unabwerera ku Meridian pa sitima, ndipo polowa mumzindamo woyendetsa analiza mluzu wa sitimayo motsitsa ndi mwautali.