MIPANDO 7 YA A NKUMBULA

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi ya cipani cathu mu Livingstone



Ndaimirira pano lero kuti ndilankhule za munthu amene sanali wa cipani cathu ca UNIP pa masiku omenyera ufulu. Ena mwa inu mudzang'ung'udza, koma mundimvere kufikira nditatsiriza. Munthuyo ndiye Bambo Harry Mwaanga Nkumbula, mwana wa ku Maala m'boma la Namwala, amene dzina lace lili pa bwalo la ndeke la mzinda wathu uno.

Tiyambe takumbukira kumene tinacokera. Tsidya lija la mlatho, pa Victoria Falls, m'caka ca 1949, Welensky ndi Huggins ndi Azungu anzao anakhala pansi kupangana za Citaganya. Pa msonkhanowo panalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. M'caka ca 1953 Citaganya cinakhazikika ife tikukana. A Nkumbula, amene anali mtsogoleri wa African National Congress kuyambira 1951, anatentha pepala la Boma lonena za Citaganyaco pamaso pa anthu mu Lusaka. M'caka ca 1955 iwo ndi mlembi wao, Bambo Kenneth Kaunda, anakhala m'ndende pamodzi miyezi iwiri cifukwa copezeka ndi mabuku oletsedwa.

Koma m'caka ca 1958 anthu awiriwa anapatukana. A Kaunda ndi a Simon Kapwepwe anacoka mu Congress nayamba Zambia African National Congress. Boma linatseka cipanico mu 1959, ndipo m'malo mwace munabadwa UNIP. Kuyambira pamenepo abale anasanduka adani. Anyamata a mbali zonse ziwiri anagendana miyala, anafunsa amai makadi a cipani pa misika, ndipo nyumba zina zinapsya. Tisanamizane kuti mlandu unali wa mbali imodzi yokha, iai.

Tsono linafika sankho la October 1962. Mavoti onse atawerengedwa, cipani ca Welensky, United Federal Party, cinali ndi mipando 16 m'Nyumba ya Malamulo, UNIP inali ndi 14, Congress inali ndi 7. Panalibe cipani cokhoza kupanga Boma pa cokha. Dziko lonse linayang'ana kwa munthu wa mipando yocepayo.

Sindibisa kanthu. Sankho lisanacitike, a Nkumbula anali atapangana ndi a Federal kuti athandizane pa mipando ina. Cotero khomo lao linali lotseguka kale. Ku mbali yathu kunali anthu amene anawacoka, nawatukwana pa misonkhano zaka zinai. Munthu wosunga mangawa akadati, "Lero mundiona." Akadatero, a Federal akadakhala ndi 23, ife 14, ndipo Welensky akadauza London kuti anthu akuda a Northern Rhodesia alandira Citaganya.

A Nkumbula sanatero. Mu December 1962 anaphatikiza mipando yao 7 ndi 14 yathu, nipangika 21. Maunduna anagawana mofanana, atatu atatu. Iwo anakhala nduna ya maphunziro a anthu akuda, a Kaunda nduna ya maboma ang'ono. Ilo ndilo linali Boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda m'dziko lino. Pakati pa caka ca 1963 kunacitikanso msonkhano pa Victoria Falls pomwe paja, a R. A. Butler a ku Britain ali pampando, ndipo nchito yace inali yogawa katundu wa Citaganya. Pa 31 December 1963 Citaganya cinafa. Pa 24 October 1964 tinakweza mbendera ya Zambia.

Kodi munthu ameneyu atiphunzitsa ciani? Coyamba, anadziwa kusiyanitsa mkangano waukulu ndi waung'ono. Kukangana kwace ndi a Kaunda kunali kwa m'nyumba. Kukangana ndi Citaganya kunali kwa dziko lonse. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Caciwiri, ndipo apa mumvetsetse, sanaphe cipani cace kuti agwirizane nafe, ndipo ife sitinaphe cathu. Mu January 1964 tinapikisananso pa sankho: UNIP inapata mipando 55, Congress 10. A Nkumbula anakhala mtsogoleri wa cipani cotsutsa, nanena zolakwa zathu poyera m'Nyumba ya Malamulo.

Wina adzandifunsa za Choma. Inde, mu December 1972 Zambia inakhala dziko la cipani cimodzi, ndipo pa 27 June 1973 a Nkumbula anasaina pangano ku Choma nalowa UNIP pamodzi ndi anthu ao. Ndeu za zipani zinacepa kuno kumwera, ici ndibvomera. Koma onani zimene zinatsata. M'caka ca 1978 a Nkumbula ndi a Kapwepwe anafuna kupikisana ndi a Kaunda pa utsogoleri wa cipani; malamulo a cipani anasinthidwa, ndipo anatsekeredwa kunja. A Nkumbula anamwalira mu 1983. Mu 1991 anthu atapatsidwanso ufulu wosankha, anapatsa MMD mipando 125 mwa 150. A Kaunda anabvomera natula pansi udindo mwamtendere, ndipo ulemu umenewo sitidzawalanda. Koma phunziro lilipo: umodzi wa 1962, wa anthu osiyana ogwirizana pa cinthu cimodzi, unatipatsa dziko, umodzi wotseka pakamwa pa mnzako unatha zaka 18 ndi kugwa.

Tsono ndibwera kwa ife eni Livingstone. Mzinda uno ndi wa Atoka ndi Aleya, Atonga, Alozi, Anyanja, Abemba ndi ena ambiri amene njanji inawabweretsa. Ku Maramba, ku Libuyu, ku Dambwa, ku Linda, munthu wa cipani cina ndiye amagona khomo loyandikana ndi lako. Madzi akasowa pa mpopi, asowera nonse. Maliro akagwa, mukumba manda limodzi. Cifukwa cace ndipempha nthambi ino kuti pa nkhani za madzi, miseu ndi misika tipite kwa Kansela limodzi ndi anzathu a zipani zina, osafunsana makadi. Pa tsiku la sankho tidzapikisana nao ndi mau ndi voti. Inu anyamata, tayani miyala ndi zikwanje. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Munthu wa mipando 7 anakhululukira amene anamtukwana kuti dziko limasuke. Ife amene tinalandira dziko lomasuka kale tilibe codzikanira.

Kwaca! Ngwee!